Ndinafika Kwawo kwa Bwana Iwo Asanafike

Anzanga, musanayambe kuseka ndiloleni ndinene kaye kuti ine njinga ndimaidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinapalasa kabaza pa Mponela, ndanyamulapo amayi oyembekezera, matumba a feteleza, nkhumba yamoyo, tsiku lina abusa ndi mbuzi yawo pa kaliyala imodzi. Munthu akanandiuza kuti ilipo njinga yoti n'kundichititsa manyazi, ndikanamuseka mpaka misozi. Koma ija ya ku Al Messila, mumzinda wa Doha, inandiphunzitsa ulemu.

Inali nthawi ya korona, Doha yense ali zii, kutuluka pageti mpaka uvale masiki. Ine ndinali dalaivala panyumba ya mzungu wa ku Falansa, Bwana Didiye, koma poti kunalibe kopita, udalaivala unasanduka kuthirira maluwa, kutsuka galimoto yosayenda ndi kupukuta fumbi. Anzanga a m'mahotela ambiri ntchito zinali zitawathera, ena atakwezedwa kale ndege. Lamulo latsopano linali litatulukadi loti utha kusintha ntchito osapempha kalata kwa bwana, koma usinthira kuti aliyense akuchotsa anthu? Ine ndinangoti yangayi ndiigwira ndi manja awiri.

Tsono bwanawo anali ndi njinga m'chipinda cham'mwamba. Njinga yake yopanda tayala lakumbuyo, yomangirira pa chimakina, kutsogolo kuli chi TV chachikulu, pa handulo pali katabuleti. Ukapalasa, msewu wa pa TV umayenda. Ndege zitaima, bwana analephera kukaona mayi awo okalamba, ndiye anati apita pa njinga yomweyo, tsiku lililonse pang'ono, mudzi ndi mudzi, kuchokera kugombe la nyanja ku Falansa konko mpaka kwawo. Miyezi iwiri munthu akukha thukuta m'chipinda, kumudziko gogo akutsatira pa foni kadontho kofiira kakuyandikira. Kunatsala kamtunda komaliza, ndipo bwana anakasungira Lamlungu, tsiku lobadwa la gogoyo, kuti adzalowe m'mudzi akuonana pa vidiyo. Zonsezi ndinkazidziwa, musandimvere chisoni ngati sindinkadziwa.

Lachinayi m'mawa bwana anaitanidwa kuofesi kukasaina mapepala, anadziyendetsa okha. Ine ndi kansanza kanga, m'chipinda muja. Ndapukuta TV, ndapukuta mahandulo, kenako dzanja langofika pa chishalo. Abale, zaka zitatu osakhudza njinga! Mtima unangoti khala pang'ono, umve chabe.

Achemwali Esnati, a ku Thyolo, omwe amaphika panyumbapo, anadutsa pakhomo ndi zochapa.

"Achimwene, munatumidwa kupukuta, osati kukwera."

"Kungoyesa chishalo basi, achemwali. Njinga yopanda tayala ingandipititse kuti?"

Anangopukusa mutu n'kutsika.

Mapedalo ake anali opanda popondera, koma nsapato za bwana zinali zomatirira pomwepo. Ndinavula patapata, n'kulowetsa mapazi. Zinandikhwepa pang'ono, ndiye ndinaona kabatani kozungulira pamwamba pa nsapato, ndikakapotoza kakuti kete kete, nsapato ikugwira. Ndinati azungu ndi anzeru. Ndinapotoza mpaka zala zinapanikizana. Nditangoponda kamodzi, TV yati ng'anii, msewu uwo!

Ndisanamepo, kumeneko n'kokongola. Kamsewu katara kosalala, kopanda dzenje ngakhale limodzi, mitengo itandandalika m'mbali mwa ngalande, madzi ali phee. Kumanzere minda ya mpendadzuwa mpaka diso kutopa, kumanja mphesa zili m'mizere yowongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Ng'ombe zoyera, zonenepa, zopanda m'busa. Udzu anaukulunga ngati migolo n'kuusiya m'munda, palibe wakuba. Ndinawoloka kamlatho kamiyala, ndinadutsa kamudzi ka nyumba za mazenera abuluu, ndipo mutu wa kabaza unayamba kugwira ntchito: msewu wabwino chonchi, pasenjala palibe? Siteji ndingaiike apa, pamphambano ya kutchalitchi. Kutsogolo kunatulukira abambo ena ndi galu, chala changa chinafufuza belu, belu kulibe, ndiye ndinangokuwa ndekha m'chipindamo kuti "Zikomo kutsogoloko!"

Ndi pamene diso linagwera pa katabuleti. Kadontho kofiira kaja kanali katasuntha.

Ndinati palibe vuto, ndibwerera. Ndinapinda handulo kuti ndikhote, msewu osakhota. Ndinapalasa chammbuyo, tcheni ikungolira, kadontho kali pomwepo. Ndinati chabwino, nditsike ndiganize bwino. Phazi osachoka. Ndapotoza kabatani kaja kuti ndimasule, iko kete kete, kakumangirabe. Ndapotozera kwinako, sikakuyenda. Inu munaonapo mwamuna wa ana atatu atagwidwa miyendo ndi njinga yoima?

Apa ndiye nzeru zanga zinandipha. Ndinaganiza kuti ichi n'chimodzimodzi filimu: ikafika kumapeto imabwerera poyambira. Ndiye mankhwala ake n'kumaliza msanga bwana asanabwere. Ndinawerama, ndinayamba kupalasa ngati ndanyamula wodwala.

Kenako kunabwera chitunda. Makina aja, kaya amadziwa bwanji, analimbitsa mapedalo ngati ndakweza matumba atatu a chimanga. Kwathu lamulo la chitunda timalidziwa tonse: pasenjala atsike, nawenso utsike, muzikankha mukucheza za mvula. Palibe manyazi pamenepo. Thupi langa lokha linaponya mwendo kuti litsike, mwendo unakana, njinga yonse inagwedezeka, pang'onong'ono ndigwe nayo pamodzi ndi chimakina. Ndinaimirira pa mapedalo, lilime panja, ndikuitana mayina a makolo.

Ndili pakati pa chitundacho katabuleti kayamba kulira. Chithunzi cha gogo wa tsitsi loyera. Anali ataona kadontho kakuthamanga Lachinayi, akufuna kudziwa kuti mwana wawo wapenga ndi chiyani. Ndinati ndidule, chala chathukuta chinatsetsereka, chagwera pobiriwira.

Tinayang'anana. Iwo akuyembekezera mwana wawo, aona munthu wakuda bii, wa vesiti yong'ambika pakhwapa, maso ali tong'o. Anavala magalasi, anavulanso. Anayamba kulankhula Chifalansa chothamanga, ine ndikungoti "Sole madamu, sole madamu," miyendo osaleka kupalasa, chifukwa ndikaleka ndiye ndikhala pachitunda mpaka liti? Koma mwadzidzidzi gogo anayamba kuwomba m'manja, akukuwa mawu amodzimodzi, ndipo ngakhale sindinamve, ndinadziwa kuti akundichemerera. Mukudziwa kabaza akachemereredwa. Chitunda ndinachimaliza.

Kuseri kwake kunali mudzi. Tchalitchi cha nsanja yaitali, chitsime pabwalo, kanyumba ka geti yobiriwira, msewu n'kuthera pomwepo. TV inayamba kuwaza timapepala tamitundumitundu. Ndipo ine, mwana woleredwa bwino, ndafika pakhomo pa eni ake, mwini nyumba akundiyang'ana, ndikanatani? Ndinawomba m'manja katatu n'kunena kuti, "Odi kuno!"

Filimu ija sinabwerere poyambira.

Ndinakuwa kuitana achemwali Esnati. Anabwera, anaona, anakhala pansi kaye kuti aseke bwino. Atatha anangokoka kabatani kaja m'mwamba, kati tho, nsapato yamasuka.

"Khalasi, zatha basi, achimwene. Kalongedzeni chikwama, mukapitirize kabaza wanu."

Masana onse ndinathirira duwa limodzi. Ndinkaganiza za ana, za nyumba yomwe inali isanafoleredwe, za mmene ndikafotokozere kumudzi kuti ntchito sinathe ndi korona koma ndi chishalo. Ndipo manyazi enieni anali akuti munthu wavutika miyezi iwiri kuti akafike kwa mayi ake, ine n'kumulanda khomo.

Bwana atabwera anakwera m'mwamba, kenako anandiitana. Ndinalowa manja kumbuyo.

"Fanuelo, mayi anga andiimbira. Akuti kwafika mlendo."

"Bwana, ndalakwa. Ndinangofuna kumva chishalo."

Anayang'ana katabuleti. Nkhope inali yowawidwa ndithu, sindikukometsa ayi.

"Chitunda chija unakwera osatsika?"

"Ndinayesa kutsika bwana, nsapato zinakana."

Apo ndiye anaphulika kuseka mpaka kugwira khoma. Akuti chitunda chimenecho iwo kuyambira ali mnyamata ankatsika n'kukankha, ndipo gogo sanasekepo chonchi chiyambireni korona. Kenako bwana anadina penapake kawiri, kadontho kaja kabwerera pamalo pake. Kawiri kokha, abale!

Lamlungu gogo analamula kuti ndikhalepo. Bwana anapalasa, ine ndaima pambali ndi botolo la madzi, pachitunda ndikuwauza kuti aimirire, aponde ndi thupi lonse. Atafika pageti yobiriwira ija, ali wefuwefu, misozi ili m'maso, gogo anawauza kuti takulandira mwananga, koma mnzako anafika Lachinayi.

Titatha, bwana anati tifufuze msewu wa kwathu, tsiku lina ndidzawatsogolere. Ndinawalembera Mponela. Makina anazungulira, anazungulira, n'kunena kuti malo amenewo sakuwadziwa. Tinaseka.

Madzulo ndinaimbira mayi anga kuti ndiwaseketse nayo nkhaniyi. Anamvetsera yonse osadula, kenako anati, "Ndiye kuti kwa amayi a eni ake wafika, mpaka odi. Nanga kuno udzaodira liti?"

Kuyambira tsiku limenelo njinga ija ndimaipukuta nditatambasula dzanja, nditavala nsapato zanga zomanga zingwe. Ndinalumbira kuti njinga yotsatira yomwe ndidzakwere idzakhala ya matayala awiri, ya belu, ndipo pachitunda cha kwathu ndidzatsika n'kukankha mpaka pakhomo pa mayi anga.