Duwa la Tiyi M'chitini cha Parafini

Tsitsani kaye kabokosi kanuko, achimwene, musandiloze nako ngati mfuti. Mwati kamera yanuyo ndi yochokera ku Joni, ndiye palibe duwa lingaikanike? Woseka aseke, koma ine Namakhwa, amene mukundiona ndakhala pakhonde la sitolo pa Luchenza pano ngati thumba la makala, ndinajambulapo duwa ndi chitini cha parafini, njuchi n'kubwera kudzamwa pachithunzipo. Ngati ndikunama, mphezi indipeze pompano dzuwa likuswa mtengo.

Inali nthawi ya thangata, ine ndili mnyamata wothyola tiyi pa esiteti ina kumunsi kwa phiri la Thyolo, nsapato ndisanaiponde. Mumzere woyandikana ndi wanga munkathyola Esinati, mwana wa Alomwe anzathu amene anawoloka Ruo kuthawa Apwitikizi. Mtsikana ameneyo ndinkamukonda moti masamba anga ndinkaponya m'dengu lake m'malo mwa langa, madzulo n'kumakalipidwa pa sikelo ine ndikumwetulira. Vuto linali lakuti wondikalipirayo, a Jemusi kapitao, nawonso ankamufuna, ndipo amalume ake a Esinati, eni mbumba, maso awo anali pa jekete la a Jemusi. Ine ndinalibe jekete. Ndinali ndi kabudula mmodzi, malaya ong'ambika ndi pakamwa pomwe mukupamvapa.

Amalume atamupanikiza kuti asankhe, Esinati anati, "Tiyi ndamuthyola chikulire changa, koma duwa lake sindinalionepo. Wondibweretsera duwa la tiyi losafota, ameneyo ndiye adzamange nyumba pakhomo pa amayi."

Inu a masiku ano simudziwa kuti tiyi wa pa esiteti saloledwa kuchita maluwa, timamubudula nsonga asanaganize n'komwe. Maluwa ankapezeka pa mitengo yakale yokha imene bwana anaisiya kuti izibala mbewu, kumtunda cha kunkhalango, ndipo wothyolako kanthu ankalawa chikoti. A Jemusi atamva mawu oti losafota anaseka mpaka chipewa kugwa, chifukwa iwo anali ndi kamera imene mzungu wina anawasiyira pobwerera kwawo.

Mukumva? Sindikunena tizinthu tanu topachika m'khositi. Chimenecho chinali chibokosi cha miyendo itatu yaitali ngati milongoti, chonyamulidwa ndi anthu a machila osinthana pa mtsinje uliwonse, nsalu yake yakuda yokwana kufolera tchalitchi n'kutsalako ya malaya a abusa, ndipo a Jemusi atalowetsa mutu pansi pa nsaluyo n'kutsegula diso la galasi, chinameza dzuwa lonse la Thyolo kamodzi n'kamodzi, nkhuku zinakwera m'mitengo kukagona, belu loweruka linalira lokha kufakitale, amayi ena ku Mphuka anayamba kuitana ana kuti alowe m'nyumba chonsecho phala la m'mawa lisanapole. Ndinaona ndi maso angawa. Chithunzi chitatuluka munali zonse, phiri la Thyolo, la Mulanje kumbuyo kwake, sitima itaima pano pa Luchenza, mkazi wa mphunzitsi akuthamangitsa mbuzi ku Chimaliro, ngakhalenso nkhongo ya a Jemusi eni ake, poti disolo linaona mpaka kuzungulira dziko n'kuwapeza chakumbuyo.

Ndisakunamizeni, mtima wanga unagwa. Ndinadziwa kuti Esinati wapita.

Koma m'mawa mwake ndinatola chitini cha parafini kuseri kwa nyumba ya dona, mkazi wa bwana, ndinachitsuka, ndinachipaka mwaye m'kati, ndinachiboola kamodzi ndi munga wa ndimu, n'kutsika nacho kuno kwa Mmwenye wina amene ankatsuka zithunzi kuseri kwa sitolo yake. Ndinamulipira tambala wanga wa m'khola, iye anandiikira pepala limodzi lojambulira m'chitinimo, n'kundiuza kuti ndisachotse chala pa kabowoko mpaka nditapeza chimene ndikufuna. Ankaseka pondiuza. Ndinakwera phiri lonse chala chili pomwepo, moti mpaka lero chala chimenechi, onani, n'chophwatalala kuposa chinzake.

Nditafika pa mitengo ija ndinazindikira chimene a Jemusi sakanachiona mutu uli m'nsalu. Duwa la tiyi limayang'ana pansi, ngati mkamwini pamaso pa apongozi ake. Ukaima umangoona masamba. Ndiye ine ndinagona chagada pa katondo, chitini pachifuwa, n'kuyamba kusankha, ndipo sindinasankhe lalikulu kapena loyera kuposa onse ayi, ndinasankha kena kakang'ono kamene mbozi inakaluma m'mphepete, chifukwa Esinati naye anali ndi dzino lobenthuka limene linkaoneka akaseka, ndipo dzino limenelo ndi lomwe linkandisowetsa tulo.

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadekha mpaka nkhono inadutsa pamphumi panga, inakakwatiwa, inabweranso ndi ana ake kudzawaonetsa munthu wodekha. Chiperoni chinabwera n'kupita, chiswe chinamanga chulu pamiyendo yanga, bowa anamera pamimba panga mpaka amayi a kumidzi ankabwera kudzazula n'kumandithokoza, mlonda wa bwana anandikhalira akusuta fodya poganiza kuti ndine chipika, ine osatsokomola, osaphethira, maso pa kaduwa kanga, poti kuwala kunali kusanakhale bwino ndipo kaduwako kanali kakadandichitira manyazi. Mukumva, achimwene? Chitini sichidziwa kudikira. Wodikira ndi munthu.

Tsiku lina m'mawa nkhungu inang'ambika pang'ono, dzuwa linalowa pakati pa masamba n'kukagunda kaduwa kaja chakumbuyo, kanayera mbee, m'kati mwake muli chikasu, dontho la mame likulendewera penipeni pamene mbozi inaluma. Kaduwako kanatopa ndi manyazi, kanandiyang'ana m'maso. Ndinachotsa chala, ndinaimba ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi chamumtima, n'kutsekanso. Misozi inatsikira m'makutu, poti ndinali chigonere.

Mmwenye atalitsuka pepala lija, fungo la duwa linadzaza sitolo yonse mpaka nsalu zogulitsa zinanunkhira mwezi wathunthu, njuchi zinachokera ku Mulanje ndi ku Thyolo komwe zili mumzere ngati anthu olandira phoso, zinamwa pachithunzipo, zinamanga zisa m'sikelo yake, ndipo munthu uja amene ankandiseka anayamba kugulitsa uchi. Chithunzicho ine ndinkachithirira madzi m'mawa uliwonse kuti chisafote, n'kumachibisa m'malaya poopa mbuzi.

Tsiku lachiweruzo tinakumana pabwalo la amalume. A Jemusi anatambasula chithunzi chawo, mudzi wonse unaunjikana, aliyense akufuna denga la nyumba yake, wina mpaka anapezamo khasu lake lotayika. Esinati anafunsa kuti, "Nanga duwa lili pati, a kapitao?" A Jemusi anafufuza kumtunda, anafufuza kumunsi, thukuta kamukamu, koma munalibe ngakhale limodzi, chifukwa maluwa onse ataona chibokosi chija anabisala kuseri kwa masamba.

Kenako ndinapereka changa. Amalume anachitembenuza uku ndi uku, anachiyang'anitsa padzuwa, n'kunena kuti, "Mwana iwe, apatu pali mdima wokhawokha." Anthu anaseka. Ndinayesa kulongosola kuti njuchi zinamwa moonjeza.

Esinati anachitenga m'manja mwa amalume ake. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana miyendo yanga yodyedwa ndi chiswe ndi msana wa malaya anga wofiira ndi katondo amene anakana kuchoka. Anaseka, dzino lija n'kuonekera.

"Ndaliona, amalume," anatero. "N'lokongola."

Nyumba ndinamanga ine pakhomo pa amayi ake. Kamera ya a Jemusi inathera kukhala khola la nkhunda, ndipo nkhunda zake zinkaikira mazira akuda.

Esinati anachisunga chithunzicho m'buku lake la nyimbo mpaka chaka chathachi pamene tinakamuika. Tsiku lina, tonse imvi zitatuluka, ndinamufunsa kuti, "Mayi, tanenani zoona, mumaonapo chiyani pamenepa?" Iye anati, "Ndimaona chitsiru chitagona chagada pansi pa tiyi chifukwa cha ine." Anali wanthabwala mkazi uja, ndipo ndimamusowa koopsa. Koma duwa lilipo.

Nachi, ndimayenda nacho m'thumba. Pukutani manja kaye. Apa, cha pakona apa, pamene mbozi inaluma. Mwati mukuona mdima? Kamera ya ku Joni ili m'khosi, maso awiri ali m'mutu, koma mukuona mdima ngati amalume aja! Bwezani msanga, ndayamba kumva njuchi.