Epuloni Yanga ndi Fulati ya a Holisi

Lolemba

Dziko lonse la Chitaganya limve, kuyambira ku Nyasalande mpaka kuno ku Kadoma: lero ndagula epuloni. Yoyera, ya matumba awiri. Ine amene ndinatha nsapato ku yunivesite ya ku Joni kuloweza Chilatini!

Nkhani yake nayi. A Holisi, mzungu wa ku Amereka amene ndimamumasulira ku fakitale ya thonje, agulitsa zonse kwawo. Akuti adzafera muno. Akufuna kugula fulati m'tauni, nyumba zija za pamwamba pa masitolo. Fulati iliyonse ili ndi khaya kuseri, kachipinda ka wantchito. Lamulo likuti munthu wakuda sagona m'tauni pokhapokha ali wantchito wa mzungu. Chabwino. Ine ndikhala khukhi wawo, mkazi wanga Nachisale wochapa.

Nachisale ndi wodwala, mwezi wamawa ndi wake. Ali kwa makolo ake ku famu ya ku Muzvezve, poti ine kulokeshoni ndimagona ndi amuna anzanga chipinda chimodzi. Mwana wathu woyamba anatsirizikira m'ngolo, mtsinje utadzaza, chipatala chili tsidya lina. Mvula yayandikira. Kuchokera m'tauni kupita kuchipatala ndi wapansi chabe.

Lachiwiri

Ndikuphunzira kukazinga dzira. Awiri apsa, limodzi lagwa pansi. Anzanga a m'chipinda akuti, “Aphunzitsi, sadza yokha, nsima wambayi, imakukanikani, muzatani ndi chakudya cha azungu?”

Masana ndawafotokozera a Holisi zonse. Akufiira mpaka m'makutu. “Iwe kundiphikira ine? Munthu wa digiri? M'nyumba mwanga mulibe wantchito. Ndiwe bwenzi langa!”

Kalanga ine. Azungu onse ali mu Rodeshya muno, ine ndakagwa pa wa mtima wabwino.

Lachitatu

Tikuona fulati ya ku Kadoma kuno. Ndikuyenda pambuyo, chikwama m'manja, maso pansi, monga mwa mwambo. Zimene achita a Holisi m'mawa umodzi:

kundilanda chikwama;
kunditsegulira khomo la kumaso;
kundikokera mpando;
kundifunsa, wogulitsa nyumba ali pomwepo, ngati mtengo ndaukonda.

Wogulitsayo mwadzidzidzi wakumbukira kuti fulati inagulidwa kale m'mamawa.

Khaya ndaliona pa windo. Simenti pansi. Mpope pakhomo. Getsi limodzi lolendewera pa waya. Chitseko chokhala ndi loko wake. Sindinaonepo nyumba yokongola chotero.

Lachinayi

Sukulu. Mphunzitsi ine, wophunzira a Holisi, phunziro: kukhala bwana.

Osandipatsa dzanja. Osanditchula dzina. Osandiyang'ana kumaso, muziyang'ana pamwamba pa mutu wanga ngati pali ntchentche. Poitana muzikuwa m'Chilapalapa cha ku migodi: “Boyi, buya lapa!” Ndiko kuti, bwera kuno.

Ayesa. “Boyi, buya lapa... chonde.” Ayesanso, kenako apepesa. Ana a azungu a kuno amazidziwa izi asanamere mano, bambo wamkuluyu thukuta kamukamu.

Ndawauza za ngolo ija ndi mtsinje. Ati mawa adzayesetsa, adzakhala woipa tsiku limodzi lokha.

Lachisanu

Chegutu, kumene azungu amati Hartley. Dona wina wamasiye akugulitsa fulati ya pamwamba pa sitolo ya makasu ndi misomali. Nako kuli chipatala. Ndakhala kumbuyo kwa galimoto, epuloni ili pamimba.

Zikuyenda! A Holisi akuwa. Ine ndathamanga. Dona akuti ma Nyasa ndiwo makhukhi okhulupirika, akufunsa ngati ndimadziwa kuwerenga mawu a pa zitini. Ndati pang'ono, dona. Wandionetsa khaya yekha. Windo lake ndaliyesa ndi mkono, ndi chigongono chimodzi ndi chikhatho. Agwirizana mtengo. Kwatsala kupita kwa loya.

Kenako tiyi.

Iwo m'makapu a maluwa, m'nyumba. Ine m'chitini cha jamu, pa sitepe ya kuseri, monga zimakhalira m'nyumba iliyonse ya mzungu m'dziko lino. Ndalandira ndi manja awiri. Shuga wambiri. Ndikumwa ndikuona Nachisale akuyanika matewera pa waya uyo.

Chitseko chatseguka. A Holisi. Ayang'ana chitini, ayang'ana ine. Ndikuwapenyetsetsa, maso anga akuwagwadira: bwererani, bwana, bwererani. Andilanda chitini, andipatsa kapu yawo ya maluwa, akhala pa sitepe pambali panga, ayamba kumwa tiyi wanga.

Dona sanakuwe. Wangoyembekeza ndimalize, watenga kapu ija ndi nsonga za zala, waiponya m'bini. “Fulati sindigulitsanso.”

Pobwerera andikhazika kutsogolo.

Loweruka

A Holisi adzuka bwino. Akuti dzulo agona ndi mtima woyera. “Zina munthu sangazipirire, bwenzi langa. Chitini!” Akuti kwa tsopano akhalabe ku hotela, za fulati adzaziona mvula ikatha, mwina ku Salisbury. Adzalemba nkhani yonse kwa a mpingo wa kwawo. Andipatsa buku la ufulu wa anthu, la chikopa chabwino.

Sindingawakwiyire. Ndayesa tsiku lonse, zikukanika. Chibadwire mzungu sanandimwereko chitini changa. Ndipo mawu onse anenawo ndinkawanena ndine ku yunivesite, nditaima pa tebulo.

Madzulo kwagunda cha kummawa. Fungo la dothi lonyowa.

Lamulungu

Panjinga kupita ku Muzvezve. Mtsinje ukulekeza m'maondo, madzi ofiira.

Apongozi aamuna andilandira ndi funso: “Nanga shamwari wanu, bwenzi la ku Amereka lija, nyumba wagula?” Ndati azungu zawo n'zochedwa, bambo.

Nachisale wasoka katani ndi nsalu ya thumba la ufa, wapeta timaluwa m'mphepete. “Windo lake n'lotani, bambo? Ndisachepetse.” Ndamuonetsa: chigongono ndi chikhatho. Likwana ndendende. Kenako ndamuuza zonse, mpaka za kapu.

Sanalire. Wapinda katani mwaulemu, wandifunsa ngati tiyi wa m'kapu ya maluwa amakoma mosiyana. Watenga epuloni m'chikwama changa, waitambasula, akuti mutuluka matewera awiri.

A Holisi ataya fulati, ali ndi hotela. Ine ndalandira ulemu umene sindinaupemphe. Woulipira ndi uyu wakhala pamphasayu ndi sizasi m'manja.

Ndikanamwa m'chitini chija mpaka imvi.

Pobwerera madzi afika m'ntchafu.