Kwa Kamanda Wamkulu wa Mikango ya Naperi, Amene Sasuntha Pamoto

Wolemekezeka Kamanda Wamkulu,

Ndiyambe ndi kupepesa kuti ndakulemberani poyera. Ndinayesa kukulemberani kumbali pa WhatsApp, koma uthengawo wakhala ndi timizere tiwiri tabuluu kwa milungu itatu tsopano. Ndazindikira kuti munthu wa udindo ngati wanu amawerenga mwachifatse.

Kwa amene sakundidziwa, ndine Salome, wochiritsa wa gulu lathu pa gemu ya pa intaneti. Loweruka lililonse masana, anthu khumi timalowa limodzi m'phanga kukamenya chilombo, zimene timazitcha reidi. Inu mumaima kutsogolo ndi chishango kuti chilombo chilimbane ndi inu, ena amachibaya, ine ndimakhala kumbuyo kubwezeretsa moyo wa aliyense wovulala. Ntchito yanga ndi yoti inu musafe. Simunandisowetsepo ntchito, ndipo ndikuthokoza.

Sindiiwala kuti ndinu amene munandilandira zaka ziwiri zapitazo, nditangosamutsidwa kuchokera ku Zomba, ndisakudziwa munthu m'tauni muno kupatula alonda a kuofesi kwathu ku Ginnery Corner. Munandionetsa mabatani limodzilimodzi, osatopa. Anzanga onse amene ndili nawo mu Blantyre ndinawapeza m'gulu lanu. N'chifukwa chake kalatayi yanditengera nthawi, ndipo ndikupemphani mupirire nane pa mfundo zochepa izi.

Choyamba, ndikuthokozani chifukwa cha kulimba mtima kwanu. Chinjoka cha m'phanga lachitatu tinachipitira maulendo khumi ndi anayi osachigonjetsa. Chisanalavule moto, pansi pamayamba pafiira, ndipo aliyense amasuntha. Ngakhale a Laban, amene amasewera pa laputopu yomangidwa ndi selotepi, amasuntha. Inu mumaima pomwepo. Munatifotokozera kuti mtsogoleri sathawa. Mukatero mumapsa, chinjoka chimatembenukira kwa ife otsala n'kutimaliza, kenako mawu anu amamveka m'mahedifoni kufunsa ngati wochiritsa ali pagemu kapena wapita kukasuzumira ndiwo.

Chachiwiri, munandilangiza pamaso pa gulu lonse kuti ndikaphunzire. Ndinamvera. Kwa miyezi iwiri, anzanga akuofesi akamapita kukadya tchipisi, ine ndimatsala ndi foni kuonera mavidiyo a akatswiri, pa bandulo yanga. Ndinayamba kujambula reidi iliyonse n'kumaionera mobwereza. Ndinapeza kuti munanena zoona: ndinkachedwa kuchotsa poizoni, ndipo mphamvu zanga ndinkazimwaza nkhondo ikangoyamba. Zonsezo ndinakonza. Mwatsoka, mavidiyowo ankaonetsanso inu. Ndinafunsa a Laban, amene amasunga zakale zonse, ndipo tinapeza kuti pa maulendo khumi ndi anayi aja, khumi ndi awiri munafera pamoto. Awiri otsalawo munali mutapita kukatsegulira mlendo geti, chishango chili chiimire. Ndinakutumizirani zimenezi kumbali, mwaulemu. Mawa lake munanditsitsa udindo, kuchoka pa Msilikali kufika pa Wongoyesedwa, chifukwa cha kusowa mwambo. Ndinali ndisakudziwa kuti kuonera vidiyo ndi mwano. Ndaphunzira.

Chachitatu ndi nkhani ya ndodo. Mwezi wathawu chilombo cha m'phanga lachiwiri chinagwetsa ndodo ya ochiritsa, imene ndinaidikira chaka chathunthu. Mwanzeru zanu munaipereka kwa a Dalton, alamu anu, amene ndi munthu wa lupanga ndipo gemu siiwalola n'komwe kuigwira m'manja. Munati gulu liyenera kulimbikitsa mamembala okhulupirika. Ndamva kuti ndodoyo ili bwino m'chikwama chawo.

Chachinayi ndikuchitchula ndi mantha. Loweruka la pa 9, magetsi anathima kwanu ku Naperi kutatsala mphindi zisanu kuti tiyambe. Tinakudikirani theka la ola. Kenako a Sameer, amene amasewerera kuseri kwa sitolo ya bambo awo ku Limbe, anati tingoyesako poti tasonkhana kale, n'kunyamula chishango iwo. Pansi patafiira, anasuntha. Tinali asanu ndi anayi okha, koma chinjoka chinagwa ulendo woyamba, popanda wakufa. A Laban anakuwa mpaka akazi awo anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Ine sindinkadziwa kuti ntchito yanga ingathe kupepuka chonchi.

Magetsi atayaka munalengeza kuti chipambanocho sichiwerengedwa, chifukwa chinachitika popanda chilolezo cha Kamanda. Munalamula kuti chithunzi cha chinjoka chakufa chichotsedwe pagulu, ndipo a Sameer analemba kalata yopepesa. Loweruka lotsatira munatitsogoleranso inuyo, ndipo dongosolo linabwerera. Tinafa kasanu.

Tsopano ndiulule tchimo langa. A Shukri, amene amatsogolera gulu la Njuchi za Limbe, anaona chithunzi chija chisanachotsedwe, ndipo anandiitana kuti ndikayese nawo Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Ndinapita. Gulu limenelo n'losalongosoka, Wolemekezeka. Mtsogoleri wake alibe dzina laulemu, amangoti Shukri. Titagonja koyamba, anayamba ndi kunena cholakwa chake iye mwini, kenako n'kundiuza modekha kuti ndinaima kutali kwambiri ndi anzanga, ndiyandikire masitepe atatu. Ndinayandikira, tinapambana. Masana amodzi amenewo ndinaphunzira zambiri kuposa miyezi iwiri ya mavidiyo. Za ndiwo palibe anafunsa.

Musaganize kuti ndinasankha mopepuka. Lachinayi ndinakumana ndi a Laban ndi a Sameer pamalo odyera ku Chichiri, ndipo ndinawauza kuti ndikuopa kuti ndikachoka nditaya anthu okhawo amene amandifunsa ndikasowa. Ndinawakumbutsa kuti mayi anga atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, gulu lino ndi limene linabwera ndi maswiti ndi nthochi, inunso muli pomwepo, ngakhale munathera nthawi yonse kufotokozera odwala za chishango. A Laban anandiyang'ana n'kunena kuti iwo anabwera kudzaona mayi a Salome, osati mayi a wochiritsa, ndipo nambala yawo sisintha. A Sameer anangofunsa ngati a Shukri akufunanso munthu wa chishango.

Choncho, ndi mtima wosweka koma mutu uli bwinobwino, ndikutula pansi udindo wanga wa Wongoyesedwa kuyambira lero. Ndikudziwa kuti simutaya kanthu, poti mwakhala mukunena kuti wochiritsa ngati ine angapezeke pa siteji iliyonse ya minibasi. Ndikufunirani mwayi pa siteji ya Chirimba. Makondakitala ake ndi achangu.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulipereka nditagwada. Malamulo anu amati wochoka achotsedwe pagulu la WhatsApp tsiku lomwelo. Ndikupempha kuti mundisiyepo mpaka Loweruka likubwerali madzulo. Sindilembapo kanthu, sindiikapo ngakhale kachithunzi koseka. Ndikungofuna kumva, kuti ndipitirize kuphunzira, amene adzakhale wolakwa.

Ine wanu wotsikitsitsa, amene sanamalize kuyesedwa,

Salome
Chirimba