Mvula ya M'chipinda cha Injiniya

Pulaniyi inabadwa mowa utafika m'mutu, monga mapulani onse a Injiniya. Dzinali analitenga atakonza wailesi ya neba, yomwe mpaka lero ili duu.

"Aise, padenga la yunivesite pali dilu," anauza anzake awiri, Chipewa ndi Chimimba, m'bala muja. "Ofufuza za kusintha kwa nyengo anaikapo chimakina choyeza mvula ndi mphepo. Chili ndi sola yaikulu ngati chitseko."

"Nanga mvula ikutikhudza chiyani ife?" anafunsa Chimimba.

Koma Injiniya mvula inkamukhudza zedi. Denga lake linkadontha ngati sefa, ndipo mkazi wake anali atalongedza kale chikwama: malata atsopano, apo ayi akubwerera kwa amayi ake. Sola ija ikagulitsidwa, banja lipulumuka.

Anapita masanasana, atavala maovololo, makwerero ali paphewa. Payunivesite zinthu zimawonongeka tsiku ndi tsiku, choncho munthu wa ovololo amalandiridwa ngati mpulumutsi. Mlonda anachita kuwagwirira makwerero.

"Mukatha apo mutionereko mpope wakuchimbudzi, mabwana."

Padenga paja Chipewa anafuna kudula mawaya, atenge sola yokha.

"Mbuzi iwe!" anakalipa Injiniya. "Kabokosi aka ndi batire. Ukadula, mtengo ugwa. Tinyamula chonse, shasha ndine pano."

Ananyamuladi chonse, ndi chitini chake choyezera mvula chakukamwa kwakukulu, ndi timakapu tozungulira ndi mphepo. Wogula yemwe Injiniya anamupeza anati abwera sabata yamawa, ndiye katundu anakabisidwa kuchipinda kwa Injiniya, kuseri kwa bedi. Kababu kobiriwira ka pamakinawo kankangophethira. Injiniya ankakayang'ana monyadira, osadziwa kuti kuphethira kulikonse makinawo akutumiza uthenga kwa eni ake.

Kenako mvula inakhuthuka. Mkazi anatchera mabeseni, mapoto, ngakhale mbale ya mwana, koma panatsala bowo lalikulu kumutu kwa bedi, pomwe madzi onse a denga ankakumana. Ataona chitini chija sanafunse kuti chachokera kuti. Munthu wotopa safunsa. Anachikokera pansi pa bowolo.

Kuyunivesite, pulofesa woyang'anira makinawo anayang'ana pakompyuta n'kuvula magalasi. Mvula yotere sinayezedwepo chiikireni makinawo. Mphepo panalibe ngakhale yogwedeza tsamba. Kutentha kunkakwera nthawi ya chakudya yokha, mkazi uja akalowetsa mbaula.

"Nyengo yasinthadi!" anafuula. Ophunzira anaomba m'manja. Mkuluyo anayamba kale kuganiza za suti yokavala kumsonkhano wakunja. Atakwera padenga kuti ajambule makina odabwitsawo, anapeza mabauti okha. Anatsika mwakachetechete n'kutsegula mapu, pakuti makinawo amanenanso pomwe ali.

Chitseko chitagogodedwa, Injiniya anadzambatuka.

"Wogula uja! Chipewa, pukuta sola. Chimimba, usatsegule pakamwa."

Anatsegula akumwetulira, ndipo apolisi anabwezera kumwetulirako. Chipewa anabisala kuseri kwa sola, miyendo ili pamtunda. Chimimba anathawira pawindo, mimba n'kukana.

Pulofesa analowa kuchipinda, anayang'ana chitini, anayang'ana kudenga, dontho n'kumugwera padazi. Msonkhano wakunja unathera pomwepo.

"Bambo," anatero mwachisoni, "m'chipinda muno mwagwa mvula yoposa panja."

"Mwamva?" mkazi anatembenukira Injiniya. "Ine ndikanena mumati ndikukokomeza. Lero anena ndi apulofesa."

Injiniya, unyolo uli m'manja, mtima unamupweteka poona chikwama chija chikukwera pamutu.

"Amayi mwana, dikirani pang'ono, ndili ndi pulani ina."

Mkazi anakhazika bwino chikwama pamutu. Anafunsa wapolisi: "Achimwene, kumene mukupita nawoko kumadontha?"

"Ayi, mayi. Malata ake ndi atsopano."

"Ndiye mwawapeza malata aja, bambo mwana," anatero, n'kutsegula ambulera asanatuluke m'nyumba.