Chiwala Alowanso mu Mpanda wa Mayi Tangen

Nzeru yoba galimoto ya bambo anga inabadwira pa tebulo la pakona m'bala ya Stosh, Lachiwiri masana, bambowo atagona tsiku limodzi lokha kumochale. Nkhaniyi ndikuidziwa yonse chifukwa Chubu anaiulula kupolisi osafunsidwa kawiri, kenako anadzandifotokozeranso ine, akulira.

Anali atatu. Mkulu wawo anali Duane Nyquist, amene anthu onse a mumzinda wathu wa Duluth amamutchula kuti Jaji. Kale ankagamula pa zionetsero za magalimoto akale, mpaka tsiku limene analepheretsa nkhalamba ina chifukwa cha mutu wa bawuti imodzi, nkhalambayo nkukomoka. Anzake anamupempha kuti akapume, koma dzina linamukakamira. Wachiwiri anali Sipanala, makaniko amene anachotsedwa ntchito m'magalaja anayi, ndipo iye amati onse anayiwo inali nsanje. Wachitatu ndiye Chubu, mnzanga wa ku pulayimale, munthu amene chibadwire sanakanepo kanthu, kaya ndi chakudya kaya ndi tchimo.

Jaji anayala pulani botolo lachitatu litafika. Maliro a Arvid Koskela, bambo angawo, ndi Lachisanu m'mawa, aliyense wodziwa galimotoyo adzakhala m'tchalitchi, ndipo galaja ya Arvid sinaonepo loko. Chubu anafunsa ngati si tsoka kubera munthu tsiku la maliro ake.

"Ndani wakamba zakuba, mphwanga?" anatero Jaji. "Ife tikukaipulumutsa. Arvid uja galimoto waiwononga."

"Ndiye tikaipulumutsa tigawana bwanji, madala?" anafunsa Sipanala.

Jaji anati ku Chicago kuli bwana wina amene amagula magalimoto akale, koma amafuna okhawo amene ali momwe anatulukira mufakitale, osasinthidwa ndi waya womwe. Arvid anasintha zinthu, inde, koma zakale zonse anazisunga m'makatoni. Ntchito yawo inali kungotenga galimoto ndi makatoniwo, kubwezeramo zakale, basi dilu yatheka. Anagundanitsa mabotolo. Chubu anaitanitsa tchipisi.

Galimotoyo bambo ankaitchula kuti Chiwala. Ndi kagalimoto ka ku Mangalande ka 1964, kobiriwira, ka mipando iwiri, kopanda denga. Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Chiwala anatitsitsa ine ndi bambo msewu wa kwathu mothamanga nkukatilowetsa mu mpanda wa maluwa wa Mayi Tangen, kumunsi kumene msewu umakhotera kunyanja. Ine ndimangokumbukira masamba kumaso ndi kuseka. Tsiku lomwelo bambo anamuphimba Chiwala ndi lona, ndipo anakhala choncho zaka khumi ndi zinayi.

Lonayo anaivundukula sabata imene madokotala anawauza za khansa ya m'mapapo. Ine ndinali chaka chachiwiri kukoleji ku Minneapolis. Ndinati ndibwere mwezi umodzi ndiwathandize. Sindinabwerereko.

Chaka ndi theka tinamuphwasula Chiwala mpaka bawuti yomaliza, nkumumanganso, ndipo nthawi yonseyo tinkakangana. Ine ndinkafuna injini yaikulu, matayala otambalala ndi penti yofiira. Bambo ankati pa galimoto yakale umasintha zinthu zitatu: choiimitsa, choiziziritsa ndi chogwira munthu. Zooneka ndi maso uzisiye. Motero tinaika mabuleki atsopano a mapaipi awiri, kuti imodzi ikabooka inayo izigwirabe. Tinaika rediyeta yatsopano yokhala ndi fani yamagetsi, komanso malamba m'mipando. Injini inatsala yomweyo, penti yomweyo. Sanalole kuboola bowo latsopano ngakhale limodzi, ati chilichonse chimangidwe ndi bawuti kuti wina akadzafuna adzathe kubwezera. Chitsulo chilichonse chakale ankachitsuka, kuchiika m'katoni, nkulembapo ndi cholembera chakuda. Anzawo onse a magalimoto akale amatero.

Tsiku limene tinamaliza ndinawauza kuti tamanga galimoto ya nkhalamba yamantha. Anatsokomola, nkupitiriza kulemba pa katoni. Tinapangana kuti tidzamuyendetsa Loweruka lotsatira, koma Lachinayi anawagoneka m'chipatala, ndipo kumeneko sanatulukeko. Chiwala anatsala m'galaja osayendapo, ine osalowamonso. Mawu aja ndinalibenso kowabwezera.

Lachisanu la maliro, anzake anamuika Chubu kutchalitchi ngati mlonda, kuti akaona anthu akutuluka aimbe foni. Anadya mbale zitatu za mbatata ndi nyama m'chipinda chapansi, anandikumbatira, analira misozi yeniyeni, foni nkuiwala m'galimoto. Sizinavute. Jaji ndi Sipanala anali atakankhira kale Chiwala pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, yobwereka kwa mlamu wake wa Sipanala, pamodzi ndi makatoni khumi ndi limodzi. Kobisa kwake kumene akatswiriwa anasankha kunali m'shedi ya Sipanala, mphambano zinayi kumtunda kwa nyumba yathu, mumsewu womwewo.

Nditabwera kumanda ndinapeza chitseko cha galaja chili pululu. Munatsala kampando ka bambo ndi dontho la oyilo pansi. Apolisi analemba zolemba zawo nkupita. Ine ndinakhala pa kampandoko mpaka suti inayamba kundizizira.

Kumtunda kuja ntchito inagundika. Jaji anavala magolovesi oyera, buku lakale la galimotoyo lili m'manja, akuwerenga ngati mbusa. Sipanala ali chagada pansi, akutukwana. Chubu akunyamula makatoni ndi kugula masangweji. Rediyeta yatsopano anaichotsa, nkuika yakale yodzadza dzimbiri. Fani inapita. Atafika pa malamba, Chubu anapempha kuti amenewo okha atsale.

"Mu 1964 mwamuna ankagwira chiwongolero," anatero Jaji. "Sankamangidwa pampando ngati mwana wa m'ngolo."

"Si inu mudzagule mano anga, bwana Jaji," anatero Chubu.

"Iwe sudzakweramo. Ungathyole masipuling'i."

Tsiku lachinayi anafika pa mabuleki. Sipanala anatulutsa pampu yakale ya mabuleki m'katoni yake, nkuwerenga mokweza mzere woyamba wa zimene bambo analemba: "Osabwezeranso. Imataya mafuta." Anati mwina apa amvere malemuwo, poti iye mwini sanaikhulupirire nkhope yake pampuyo. Jaji analanda katoniyo, nkuitembenuzira kukhoma.

"Amenewo ndi mawu a nkhalamba yamantha," anatero. "Manga."

Chubu atafika pamenepa pondifotokozera, ndinamupempha kuti adikire kaye. Ndinatuluka panja.

Jaji ndi wakuba, koma ndi waukhondo. Chitsulo chatsopano chilichonse chimene anachotsa anachipukuta, nkuchiika bwinobwino m'katoni imene munachoka chakale. Ati bwana wa ku Chicago asaone ngati ndi anthu wamba.

Loweruka la sabata yotsatira m'mawa, lole ya bwanayo inali ikudikira kudoko. Ngolo ija mlamu anali ataitenga kukatutira nkhuni, ndipo foni sankayankha. Sipanala anati adikire Lolemba. Jaji anati galimoto ngati imeneyi sinyamulidwa ngati mtembo, iyenda yokha, ndi mphindi zisanu basi. Anavala chipewa chansalu, mpango m'khosi ndi magalasi akuluakulu oyendetsera. Chomwe ankafuna nchoti asadziwike. Sipanala anakhala pambali pake, Chubu kumbuyo pa pikapu ndi makatoni.

Ku Duluth misewu yonse imatsetserekera kunyanja, ndipo wa kwathu sunyengerera. Pa mphambano yoyamba Chiwala anaima bwinobwino, Jaji nkumuyang'ana Sipanala mwamatama. Pa yachiwiri chopondera chinafewa. Pa yachitatu chinamira mpaka pansi osabwereranso.

"Pondani, madala."

"Ndaponda."

"Pondaninso."

"Ndikupondanso chiyani, chili pansi."

Sipanala anakoka handibuleki ndi manja awiri. Waya wake nawonso unali wa 1964, woikidwa dzana lomwelo mwa lamulo la Jaji. Unangoti thapu. Sipanala anatsala atagwira chitsulo ngati wapatsidwa mphatso.

Ine ndinali kukhitchini, ndikuyang'ana khofi amene sindinkamwa. Ndinamva kulira kwa injini kukutsika msewu, ndipo thupi langa linaidziwa mutu usanadziwe. Injiniyo tinailiza kambirimbiri ili pamalo amodzi, bambo atatsamira khutu. Pomwe ndinkafika pakhonde ndinangoona utsi ndi mpango ukuuluka, kenako pikapu ya Chubu ikutsatira, iye akundibayibitsa chifukwa sanadziwe chochita china.

Foni inalira. Anali Mayi Tangen, amene tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu.

"Eero, mwanangu," anatero modekha, "galimoto ya abambo ako yalowanso mu mpanda wanga."

Ndinathamanga nditavala masilipasi. Chiwala anali atalowetsa mphuno m'maluwa, pamalo pomwe paja, rediyeta ikufuka nthunzi. Sipanala, posowa lamba, anali atauluka pamwamba pa mpanda nkukatera pa mulu wa manyowa. Jaji anapsompsona chiwongolero, mano awiri akutsogolo nkutsalira pomwepo, ndipo nthambi zinapanikiza zitseko moti sakanatuluka. Chubu yekha ndiye akanathawa, poti pikapu inali yabwinobwino. Koma anaima kuti aone ngati anzake ali moyo, Mayi Tangen nkumufunsa ngati angadye keke ya maapulo. Ndinamupeza pa masitepe ndi mbale.

Wapolisi amene anafika anali mayi wachitsikana, watsopano mumzinda, ndipo za galimoto yobedwa anali asanazimve. Sipanala, manyowa ali m'makutu, anapeka bodza labwino kuposa ntchito iliyonse imene anagwirapo. Anati iwo amangodutsa, anaona galimoto ikutsetsereka yokha yopanda munthu, ndiye analumphiramo kuti apulumutse ana a mumsewu. Wapolisiyo ankalemba akugwedeza mutu. Ine ndinali ndikanali wefuwefu kuseri kwa pikapu, mawu osatuluka. Kunena zoona, akanatha kuchoka.

Kenako wapolisi anasuzumira mu injini, nkuona mafuta a mabuleki ali ponseponse.

"Kagalimoto kokongola," anatero. "Ka 1967 eti? Koma amene anakonza mabuleki awa sadziwa ntchito. Waika zinthu zolakwika."

Jaji anadzuka m'maluwa muja, magalasi ali pambali, magazi ali pachibwano.

"Ndi ya 1964, mayi," anatero, mpweya ukutulukira pamene panali mano. "Ndipo palibe cholakwika chilichonse. Pampu imeneyo ndi yake yeniyeni ya kufakitale."

"Madala," anatero Sipanala chapansipansi, "tsekani pakamwa."

"Ayi, asanyoze. Taonani nambala yake, mayi. Bawuti iliyonse ndi yoyenera. Sabata yathunthu ndakhala ndikuchotsa zinyalala zimene mwini wake anaikamo."

Wapolisi anatembenuza tsamba. Anafunsa kuti mwini wakeyo ndani, ndipo sabata yathunthuyo anaigwirira kuti. Chubu anaika mbale pansi nkuyamba kufotokoza kuyambira Lachiwiri m'bala ya Stosh. Powakweza m'galimoto ya polisi, wapolisiyo anawamanga malamba onse atatu. Jaji sanatsutse.

Chiwala anabwerera kunyumba patatha masiku khumi, bampala itapindika, nyali imodzi itasweka. Mpanda wa Mayi Tangen ndi umene unamupulumutsa, monga kale. Makatoni anabweranso onse, zitsulo zatsopano zili mwaukhondo m'kati. Ndinakhala pa kampando ka bambo nkuyamba kuwerenga zimene analemba, zomwe chaka ndi theka chonse sindinaziyang'anepo. Pa katoni ya rediyeta analemba kuti imawira ukaima pa mlatho. M'katoni ya malamba munalibe chakale choti asunge, ndiye anangolemba kuti kale munalibe, ndipo kunali kupusa. Katoni ya pampu ndinaisiya komaliza. Sipanala anawerenga mzere woyamba wokha. Inalipo itatu.

"Osabwezeranso. Imataya mafuta.
Eero anali m'galimoto. Iye anaseka.
Ine ayi."

Ndinatenga masabata atatu kubwezera zonse ndekha, poti panalibe wondigwirira tochi kapena wonditsutsa. Injini yaikulu sindinaiganizenso. Pampu yakale ndinaitsuka, nkuibwezera m'katoni yake, ndipo pansi pa mawu a bambo ndinalembapo tsiku ndi mawu akuti yayesedwanso kachiwiri, zotsatira ndi zomwezo.

Loweruka lina m'mawa, masamba atayamba kuyoyoka, ndinamutulutsa Chiwala. Ndinamanga lamba wanga. Ndinamanganso wa mpando winawo, ngakhale munalibe munthu. Tinatsika msewu pang'onopang'ono, ngati nkhalamba yamantha. Kumunsi Mayi Tangen anali akudulira pamene panathyoka, ndipo atamva injini anaimirira kutsogolo kwa mpanda wawo, sizasi ili m'manja, ngati akufuna kuuteteza ndi thupi.

Ndinaponda. Chiwala anaima.