Sabata imene ndinatsegula boding'i m'nyumba ya lendi

Lolemba

Mtima suli m'malo. M'mawa kwabwera mayi wina ku shedi kwathu ku Biwi kudzaona geti lomwe ndikumuwotcherera. Ine ndili kalikiliki ndi zitsulo, iye maso pa foni, akuwerenga mayina a ana osankhidwa kupita ku yunivesite. Kenako, osandiyang'ana n'komwe: "Onsewa ndi a boding'i ndi a pulayiveti. A sukulu zoyenderawa amangoperekeza anzawo ku mayeso."

Kuperekeza! Tadala, mtsikana wanga, ali Fomu 4 pa sukulu yoyendera, konkuno ku Area 23. Mayeso atsala masabata asanu ndi limodzi. Mwana wanga yekhayo akhale woperekeza?

Kumusamutsa sikungatheke. Dzina lake la mayeso linapita kale, ndipo fizi ya ku boding'i ndimangoimvera kwa anzanga. Koma pobwerera, minibasi itaima pa Kawale, nzeru yandifikira. Ngati mwana sangapite ku boding'i, boding'i ibwere kwa mwana.

Ndaimbira alamu anga a Kachingwe, amene anagonera ku sukulu zaka zinayi zathunthu. Akuti chinsinsi chake ndi ichi:
— belu
— pulepu m'mawa ndi madzulo, kuwerenga kokhakokha, pakamwa potseka
— nyemba tsiku lililonse
— foni ayi
— ntchito zapakhomo ayi
— kutuluka pa geti ndi chilolezo basi
— alendo Loweruka lokha

Zonsezi n'zaulere, kupatula nyemba! Belu ndapanga ndekha, limu ya galimoto yakale ndi chitsulo chomenyera. Hedimasitala ndine. Amake Tadala ndati akhale metironi, iwo ati: "Ine ndili ndi tomato wanga ku msika wa Chilinde, sindinafunsire ntchito kwa munthu."

Lamulo lalikulu: akaweruka ku sukulu, 2 koloko imupeze pano. Tadala wandiyang'ana nthawi yaitali. "Adadi, koma masana..." Ndamudula. Hedimasitala satsutsidwa tsiku loyamba. Foni wapereka ndi manja awiri.

Lachiwiri

5 koloko m'mawa. Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Ndaiwala chinthu chimodzi: pa puloti pano tili mabanja asanu ndi limodzi, ndipo sindinauze aliyense. A Mbewe a nyumba yoyandikana atuluka ndi chikwanje. Akazi awo ndi ndowa, akufunsa kuti moto uli pati. Alandilodi athu, Mayi Nachisale, chitenje pachifuwa, akufuula kuti wakubayo agwidwe wamoyo. Ine chilili, chitsulo m'manja, ndikupepesa mbali zonse.

Mwini wake wa belu, Tadala, anali atadzuka kalekale, akusesa kuseri. Ndamulanda tsache. Wa ku boding'i sasesa.

Vuto n'lakuti amake amalawirira kukapikula tomato. Ndiye ntchito za Tadala zagwera hedimasitala:
— kusesa
— kukoleza mbaula
— mbale za dzulo
— madzi ku kiyosiki, zigubu zinayi

Pa mzere wa madzi mwamuna ndine ndekha. "Bambo a Tadala, mayi athawa kodi?" Wina akuti ndibwerenso mawa, ndikuwasangalatsa. Ku shedi ndafika 9 koloko, msana ukuwawa.

Zonsezi mwanayu amachita asanapite ku sukulu? Zaka zinayi? Ine ndimangopeza madzi osamba ali kale kubafa, osafunsa kuti ayenda bwanji.

Pulepu ya madzulo yayenda bwino. Nyemba zokoma. Ndikuona kale chithunzi chake atavala gauni, pamwamba pa wailesi apo.

Lachitatu

Alandilodi alamula kuti belu lizimangidwa nsanza. Tsopano likulira ngati munthu wagwetsa dzungu.

Nkhani yafalikira pa kiyosiki. Pobwera ku ntchito ndapeza ana anayi pakhonde, akundidikira:
— mtsikana wa a Mbewe, Fomu 2
— mapasa a mayi ogulitsa mandasi, Sitandade 3
— kamwana ka zaka zinayi, kanyamula bulangete ndi kapu yake

Amake kamwanako andiuza ali pa geti, akuchoka kale: "Tamva kuti mwatsegula boding'i yaulere, Mulungu akudalitseni." Ndati nditsegule pakamwa, iwo akhota.

Kunena zoona, ndanyadako pang'ono. Sukulu ya masiku awiri, ana asanu!

Pulepu: mapasa sadziwa kuwerenga chamumtima, akuimba mathebulo mokweza, wina wa 6 wina wa 7. Kamwana kakufuna amake. Wa a Mbewe akufunsa ngati pali tiyi. Ndapita kukaona nyemba pamoto, pobwerera ndapeza Tadala watseka kope lake, akuphunzitsa mapasa kugawa. Ola lathunthu lapita choncho.

Nyemba zomwe ndinati zifike Lachisanu zatha lero.

Lachinayi

Pa minibasi nkhani ndi yomweyi, ngati anthu anapangana. Bambo wina wa tayi akuti masiku ano a sukulu zoyendera ndi amene amawakomera mtima posankha. Mayi wa kumbuyo akuti bodza, amangoona mapointi basi, sukulu saiyang'ana. Wina akuti mapointiwo uwapeza bwanji pa sukulu yopanda labu? Kondakitala akuti msuweni wake anasankhidwa kuchokera ku sukulu ya pansi pa mtengo, tsopano ndi dokotala wa mano. Aliyense akulumbira. Ndatsika osadziwa kuti ndikhulupirire ndani, ndipo chenji ndaiwala.

Ana anayi aja sanabwere. Makolo awachotsa sukulu. Akuti nyemba zanga sizinapse, mapasa agona akuthamangira kuchimbudzi. Palibe ndi mmodzi yemwe wothokoza!

Ndagulanso nyemba zina, tsiku lachitatu motsatizana. Amake Tadala akazinga usipa wa tomato, akudyera pakhonde, fungo likulowa pa windo. Ndapempha kamodzi kokha. Ati: "Hedimasitala amadya zomwe akudya ana ake, kuti adziwe ngati zili bwino."

Pulepu: ndakhala pa mpando kuyang'anira, manja pachifuwa, nkhope yoopsa. Ndadzidzimuka Tadala akundigwedeza phewa. "Adadi, mukuliza mkonono, sindikumva zomwe ndikuwerenga."

Mwanayu sakuseka masiku ano. Akungoyang'ana tsamba limodzimodzi. Mwina ndi mmene amakhalira a ku boding'i.

Lachisanu

Belu lasowa. Ndalipeza kuseri kwa alandilodi, lili ndi makala, pamwamba pake poto wa mbatata. Akuti limu ngati iyi ndi mbaula yabwino, kuipachika pa mtengo n'kuononga. Apempha kuti ndiiwotcherere miyendo itatu. Ndavomera. Nanga n'kutani, nyumba ndi yawo.

Ndaweruka msanga kuti ndione ngati lamulo la 2 koloko likutsatidwa.

2 koloko, palibe. 3 koloko, palibe. 4 koloko ndayenda mpaka pa msewu kawiri. Apa ukulu wonse wathawa, ndatsala bambo chabe, ndipo mantha andigwira kwenikweni. Foni yake ili m'thumba mwanga momwe.

Hafu 5, uyo akulowa, chikwama kumsana, fumbi mpaka m'mawondo. Mtima pansi, kenako mkwiyo.

Ndaimbira alamu kufunsa chilango cha wotuluka popanda chilolezo. Ati: "Ameneyo amabwezedwa kwawo masabata awiri, osanyengerera."

Ndimubweza kuti? Kwawo ndi kuno!

Amake Tadala aseka mpaka kugwira khoma. Alamu akuti apo ayi atchetche udzu. Pa puloti pano udzu unatha kalekale. Tadala wati afotokoze, ine ndati adzafotokoza mawa, pamaso pa makolo ake. Ndazindikira nditanena kale kuti makolowo ndine.

Loweruka

Tsiku la alendo. Alamu afika 10 koloko ndi mabanzi ndi botolo la sikwashi, monga mwa mwambo. Akhala pa mpando wanga, akufotokoza za nthawi yawo: momwe ankabera chimanga m'munda wa sukulu, momwe anathamangitsira wophika. Mabanzi adya okha anayi.

Amake Tadala akusankha tomato wofewa pakhonde, afunsa mlongo wawo mofatsa: "Achimwene, paja inu munapita yunivesite iti?"



"Nthawi yathu inali ina," atero alamu, n'kupempha madzi akumwa.

Zaka makumi awiri ndikuwadziwa bambowa. Amagulitsa makava a foni ku Mchesi. Funso limeneli silinandibwererepo m'mutu ngakhale Lolemba!

Masana pa geti pafika atsikana atatu, anzake a Tadala. Akuti amva kuti lero ndi lololedwa. Andipatsa moni mogwada, koma wamtaliyo sanazungulire: "Bambo, ifetu gulu lathu lafa. Buku la Kemisitiri tili nalo limodzi, timasinthana masiku. Tikaweruka timatsalira m'kalasi mpaka 5, a sala a sayansi amatithandiza ulere. Masamu amatifotokozera ndi Tadala. Sabata ino bukulo lamudumpha kawiri, ndipo mapepala a mayeso akale tapanga popanda iye."

Ndiye kuti masana aja amene ndinamudula Lolemba ndi amenewa.

Masiku atatu ndamutsekera m'nyumba ndi makope omwe anawaloweza kale, buku lili kwina, mphunzitsi ali kwina, mayeso akuyandikira. Dzulo anachita kuthawa kuti akaphunzire. Manyazi andigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndawapatsa atsikanawo mabanzi otsala, ndalowa m'nyumba ngati ndaiwala kanthu.

Lamulungu

Sukulu yatsekedwa. Chilengezo ndapereka tikuchokera ku tchalitchi, panalibe wodandaula. Foni ndabweza ndi manja awiri. Masana tadya nkhuku.

Ngati a sukulu zoyendera amasankhidwa kapena sasankhidwa, sindikudziwabe. Labu sindingawotcherere. Mabuku sindingabereke. Chomwe ndingathe ndi kusamuima panjira, ndiye ndasiya.

Chakumadzulo ndili pakhonde, Tadala wabwera kudzakhala pansi pafupi nane, buku la gulu lija m'manja, lero ndi tsiku lake. Kenako wafunsa: "Adadi, dzina langa likadzapanda kutuluka, mudzati ndi sukulu kapena ndi ine?"

Sabata yonse ndimaopa mawu a mayi wa ku shedi uja, osaganiza kuti mwanayu akuopa ine.

Ndati, "Ndidzati mwana wanga walemba Fomu 4, pamene bambo ake anathera Fomu 2. Zinazo tidzaona limodzi."

Wapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, watsegula kumapeto kwa buku, wandipatsa. "Ndiye ndifunseni. Mayankho ali kuseri kwa tsambalo."

Funso ndaliwerenga mokakamira, mawu ake ena lilime likukana. Iye waseka katchulidwe kanga, kuseka koyamba sabata ino, n'kuyankha osapuma, maso kudenga. Sindinamvepo kanthu. Ndatembenuza tsamba, ndalondola ndi chala liwu ndi liwu.

Wakhoza.

Ndafunsa lachiwiri.