Voti yanga inathera m'botolo la jivi

Mpaka lero ndikaona botolo la jivi, mankhwala apepo opaka pazilonda aja, mtima umandiwawa. Ana anga amadabwa kuti ndinawaletseranji m'nyumba mwanga. Lero ndiulule, koma musaseke kwambiri, chifukwa sindinalakwe ndekha. Boma nalo lili ndi gawo lake, lalikulunso.

Masiku amenewo ndinkagulitsa usipa wouma, kuupalasa panjinga kuchokera kwathu kwa Kanyenda mpaka kumsika wa Dwangwa. Amene munakula nthawi ya chipani chimodzi mukudziwa mmene khadi la chipani linatizunzira. Pachipata cha msika, khadi. Pokwera basi, khadi. Mkazi wanga, amake Esinati, ali ndi pakati, anyamata a chipani a malaya ofiira aja anawagulitsa makhadi awiri, lina la wam'mimbayo (Esinati analowa chipani asanaone dzuwa). Makhadi onsewo, a chaka ndi chaka, ndinkasunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi pepala lililonse la boma.

Zipani zambiri zitaloledwa kunabwera kalembera wa chisankho. Ndinali woyamba pamzere, ndipo kachiphaso kovotera kamene anandipatsa ndinakaponya m'chitini momwemo. Kuyambira tsikulo ndinasanduka mlaliki wa demokalase. Wogula usipa aliyense ankalandira ulaliki ngati basera. Amake Esinati atanena kuti akuopa kukavota, ndinawazazira anthu akumva: "Wosavota asadzatsegule pakamwa pa nkhani za boma zaka zisanu zathunthu!"

Loweruka lina ndinanyamula chitini chija kupita nacho pakhonde pa mnzanga Saidi, telala wa pamsika. Mbaula yake ya makala a nsimbi inali ikuyaka. Ndinaitana anthu, ndinakwera pabenchi.

"Lero makhadi atha! M'dziko muno sitidzaonetsanso pepala kwa munthu!"

"Wallahi, achimwene, bwanji osayamba mwasankhula?" anatero Saidi.

"Pepala ndi pepala!" ndinayankha, n'kukhuthula chitini chonse pamoto. Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati nduna.

Kutatsala masiku atatu kuti tivote, amake Esinati anatulutsa chiphaso chawo m'buku la nyimbo. "Nanga chanu chili kuti, bambo a Esinati?"

Apo m'pamene ndinakumbukira chitini chija. "Chili posungika," ndinatero (sindinaname kwenikweni, phulusa palibe amaba).

M'mawa mwake ndinakwera matola ulendo wa kuboma, kunyumba nditanena kuti ndikukasaka msika wina. Kalaliki wa kuofesi, osadzutsa n'komwe mutu, anati ndikatenge kalata ya kupolisi yoti chiphaso chinatayika. Kupolisi anandifunsa kuti chinatayika bwanji, ine ndi uchitsiru wanga n'kufotokoza zoona.

"Ndiye sichinatayike. Mukudziwa pomwe chili. Chootcha dala sitilembera kalata."

Ndinabwerera kwa kalaliki uja. Ulendo uno anati ngakhale kalatayo ikanakhalapo, mafomu ake sanafike kuchokera ku Lilongwe. "Mubwere sabata yamawa."

Sabata yamawa! Chisankho chili mkuja, munthu wamkulu wovala tayi akundiuza za sabata yamawa! Kodi ankati ndidzavotera ndani, mphepo? Kale ankatikaniza kumsika chifukwa cha pepala, lero atikanize ufulu chifukwa cha pepala lomwelo. Chasintha n'chiyani, mtundu wa pepalalo?

Tsiku lovota ndinalawirira kusukulu, ndikudalira kuti woyang'anira malowo anali aphunzitsi a Kamanga, munthu woti usipa wanga waudya zaka zambiri.

"Chiphaso," anatero.

"Aphunzitsi, ndine ndemwe. Dzina langa munalemba ndinu m'kaundulamo, ndi dzanja lanulo."

"Monga Kamanga ndikukudziwani bwino. Koma monga boma sindikukudziwani."

Ndinatuluka kudzera kuseri kwa makalasi. Mkwiyo unalipo, koma manyazi ndiwo anakula. Mlaliki wa demokalase abwerere kumudzi chala chili mbuu, pamene aliyense wovota akutuluka ataviika chala mu inki? Nditafika kunyumba ndinapeza amake Esinati atapita kukavota ndi anzawo. Pawindo panali kabotolo ka jivi amene ankapaka mwana pachilonda cha pabondo. Ndinakayang'ana, nako kanandiyang'ana. Ndinaviika chala mpaka pamfundo yachiwiri.

Abale, tsiku limenelo chala changa chinagwira ntchito. Pakhonde pa Saidi ndinaloza nacho chilichonse, mitambo, mbuzi, njinga zodutsa. Amake Esinati atatulukira anayerekeza chawo ndi changa.

"Bwanji yanuyi yawala chonchi?"

"Ife tinaviika yam'mawa, isanasuluke," ndinatero.

Dzuwa litapendeka Saidi, amene anakavota atatha swala ya masana kumzikiti, anabwera akupalasa njinga ngati wathamangitsidwa. Pamudzi iye yekha ndiye ankadziwa kuti chiphaso changa chinapsera pambaula yake ija, ndipo bodza la chala sanalikhulupirire.

"Achimwene, thamangani! Kwabwera galimoto ya kuboma. Akuti wotaya chiphaso avote, bola dzina lili m'kaundula ndipo pali mboni."

Mwamva? Lamulo limenelo linali kuti m'mawa? Linagona panjira? Ndinalumphira pakaliyala osatsanzika, amake Esinati n'kumatilondola pambuyo modabwa.

A Kamanga anandilandira akumwetulira. "Eya, tsopano boma lakudziwani. Dzina lanu ili. Tangoonetsani zala."

Ndinapereka dzanja lamanzere. Anati onse awiri. Nditatulutsa lamanja m'thumba, oimira zipani amene anakhala pabenchi anadzambatuka onse pamodzi (anthu oti chiyambire m'mawa sanagwirizanepo kanthu).

"Wavota kale uyu! Akufuna kubera!"

"Ndi jivi, akuluakulu! Jivi wa pachilonda!"

Ndinathamangira pamjigo wa pasukulupo. Ndinakhula ndi mchenga, ndinakhula ndi mwala, mayi wina anandiponyera ndimu. Khungu linasupuka, jivi ali phee. Mzere wonse unali utasiya kuyang'ana kutsogolo. Apo n'kuti amake Esinati atafika, ndipo anandichitira umboni mokweza kuposa mmene ndinkafunira.

"Ndi jivi wangadi ameneyo, aphunzitsi. Ndimadabwa kuti botolo lathera pati. Bambowa sanavote, angodzipaka."

Anthu anagwa nacho chikhakhali. A Kamanga anatsegula kabuku kawo ka malamulo, anawerenga, anatembenuza, n'kupukusa mutu.

"Muno za jivi sanalembemo. Alemba kuti chala cha utoto sichivota. Pepani, bambo."

Ndinaima pamenepo mpaka anatseka chitseko. Voti imene ndinaidikira moyo wanga wonse inapita choncho, ndipo ndikunenetsa kuti galimoto ija ikanafika m'mawa ngati ya anthu olongosoka, jivi sindikanamukhudza.

Masiku ano ndimasunga pepala lililonse, ngakhale tikiti ya basi. Koma chilango chenicheni chinali kunyumba. Zaka zisanu zathunthu, ndikangoyamba kudandaula za maenje a mumsewu kapena kusowa kwa mankhwala kuchipatala, amake Esinati ankangokweza chala chawo chimodzi, ine n'kutseka pakamwa.